Nyumba ya Mchimwene Wanga M'gemu

Mchimwene wanga atamwalira ku Blantyre, ine ku maliro sindinapite. Mapepala anga okhalira kuno anali asanatuluke, ndipo ndikanachoka sindikanaloledwa kubwerera ku Glasgow. Bokosi ndinalionera pa foni, ndili khale pa bedi m'kachipinda kanga ku Govanhill.

Chimene anandisiyira chinali m'gemu. Kwa zaka zinayi tinkasewera limodzi gemu ya pa intaneti yomanga nyumba ndi kulima, iye ali ku Ndirande, ine kuno. Munthu woti kwathu akaona khasu mutu unkayamba kumupweteka, m'gemumo anali mlimi wotchuka. Anamangamo nyumba yofanana ndi ya makolo athu, khonde lomwelo, mtengo wa mapeyala kuseri, mpaka chitseko anachipendeketsa dala, ati chathu chenicheni n'chopendekekanso. Iye atapita, Loweruka lililonse ndikaweruka ku nyumba yosamalira okalamba kumene ndimagwira ntchito, ndinkalowamo kukathirira dimba lake. Sindinasunthe kanthu ngakhale kamodzi.

Kenaka kunabwera uthenga woti kampani itseka gemuyo pakatha miyezi itatu. Anatithokoza kwambiri chifukwa chosewera nawo.

Ndinamva kuti anthu akusainira pempho lopita ku boma, lofuna lamulo loti makampani asamaphe magemu amene anthu anagula, azisiya njira yoti aziseweredwabe. Ine woti sindinayendepo pa zionetsero chibadwire, ndinalitengera ku tchalitchi. Mapemphero atatha, pa nthawi ya tiyi, ndinayenda ndi foni kwa munthu aliyense. Mkulu wa mpingo wina anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kundiuza kuti kumudzi anthu akugona ndi njala, ine mayi wamkulumkulu ndikulirira zidole. Mtsikana wina wophunzira za malamulo ku yunivesite anandifotokozera mofatsa kuti gemuyo sindinaigule, ndinangogula chilolezo chosewera, ndipo kukakamiza makampani kusunga makompyuta awo mpaka kalekale kungakweze mtengo wa magemu onse. Mwina sankanama. Koma ine ndinapsa mtima, ndipo ndinamufunsa ngati manda a kwawo nawonso ali ndi tsiku lotha ntchito. Anasaina anthu atatu, ndipo mmodzi anangondimvera chisoni.

Tsiku lotseka linali Lachiwiri masana, ine ndili pa ntchito. Nthawi yopuma ndinakabisala m'chipinda chochapira, laputopu pamwamba pa makina, n'kuyamba kujambula vidiyo. Ndinayenda pa khonde, pabalaza, kukhitchini. Ndisanafike kuchipinda chake chogona, chithunzi chinauma, n'kubwera mawu akuti sizikutheka kulumikiza. Belu loitanira la agogo ena amene ndimawasamalira linalira. Ndinapukuta misozi n'kupita kukawatembenuza pa bedi.

Ndimamva kuti nkhani ya lamuloyo akukanganabe, ena akuti ogula atetezedwe, ena akuti makampani asamangidwe manja. Kaya atha liti, koma lamulo lililonse limene angapange landichedwera.

Lamlungu lotsatira Amayi anaimba kuchokera kumudzi. Iwo za magemu sadziwa, koma ndinkawalozetsa foni pa laputopu kuti aone nyumbayo, ndipo ankaitcha kwa mwana wawo.

“Tandionetsa kwa mwana wanga,” anatero.

“Lero netiweki ikuvuta, Amayi.”

Sabata yotsatira ndinanenanso zomwezo, ndi inayo, ndi inayo. Tsopano papita miyezi. Amaimbabe Lamlungu lililonse, amafunsa za kuzizira ndi za ntchito, koma za nyumbayo anasiya kufunsa.