A Sosten ndi Buti Yokana Kutseguka

Ali ndi zaka 52, a Sosten Chomba ankasesa m'galaja ina ku Salford, kuno kutsidya kwa nyanja. Inde, kusesa. Munthu amene ankadzutsa maminibasi akufa ku Ndirande kwa zaka makumi awiri, kuno anam'patsa tsache.

Mapepala okhalira m'dziko muno anawadikira zaka zisanu ndi chimodzi, osaloledwa kugwira ntchito. Atawapeza anakalemba mayeso a umakaniko, n'kulephera kawiri. Injini ankaimva ndi khutu, koma mayesowo anali a pakompyuta, ndipo kompyutayo sanaizolowere.

Mwini galaja, a Hudson, anawalemba ntchito ndi lamulo limodzi: "Wopanda setifiketi sagwira galimoto ya kasitomala. Mukadzangoyerekeza, ntchito yatha."

Zinkawawa, tisaname. Tsiku lina anauza akazi awo, a Edwina, kuti za masipanala aziiwala basi.

"Bambo a Yewo, manja anuwo sanafe ayi," anatero a Edwina. "Angogona."

Choncho sanasiye. Pa nthawi yopuma, anzawo ali pa foni, iwo ankawerenga mabuku a galimoto zakale amene ankangodya fumbi pa shelefu. Ku koleji anakalembetsanso kachitatu.

Lachinayi lina m'mawa munalowa chigalimoto cha ku America cha 1966. Ankayendetsa ndi mayi wina dzina lake Maggie, ndipo pambali pake panali bambo ake, a Willie, a zaka 80, osatha kuyenda. Anali pa ulendo wa kuchipatala, koma njinga yawo ya olumala inali mu buti, buti n'kukana kutseguka. Poloŵetsa kiyi panafa kalekale. Ankatsegula ndi batani la kutsogolo, ndipo tsopano nalonso linali zii.

Amakaniko awiri a masetifiketi anabwera ndi kompyuta yawo, koma poilumikiza panalibe. Anasaka fyuzi, osaipeza. Mapeto ake a Hudson anatenga chobowolera.

"Chonde musaiboole," anatero a Willie, misozi ili lengelenge. "Inanyamula malemu mkazi wanga tsiku la ukwati wathu."

A Sosten anali poteropo ndi tsache lawo. Ankadziwa kuti batani limenelo siliyendera magetsi. Injini imayamwa mpweya kudzera m'timapaipi ta labala, ndipo ukadina batani, kuyamwa komweko n'kumene kumakoka loko wa buti. Koma ankadziwanso lamulo lija, ndi kuvuta kwake kopeza ntchito kuno.

Anayang'ana nkhope ya mkulu uja. Tsache analitsamiritsa kukhoma.

"Bwana, ndipatseni mphindi khumi."

A Hudson asanayankhe, iwo anali atasolola kale kapaipi kochoka pa batani kupita ku buti. Anakaika pakamwa, n'kuyamwa, n'kutseka ndi lilime. Amakaniko aja anafa nalo phwete. Koma ku Ndirande makina oyezera ndi omwewo: kapaipi kakamata pa lilime, ndiye kuti sikakudontha. Ndipo kanamata.

"Kumbuyoku kulibe mlandu," anatero a Sosten. "Lizani injini."

Maggie analiza. A Sosten anaika chala pa kapaipi kochokera ku injini, koma sikanakoke n'komwe. Anatsegula boneti, n'kutenga kachidutswa ka paipi, mbali ina kukhutu, ina akuiyendetsa pang'onopang'ono. Pafupi ndi kachitini kosungira mphamvu yoyamwayo anamva kaphokoso, "tsiii". Labala inali itang'aluka kunsonga chifukwa cha ukalamba. Anadula pong'alukapo ndi kampeni, n'kubwezeretsa.

"Agogo, dinani."

A Willie anadina. Kumbuyo kunamveka "khwa!", buti n'kudzuka yokha. Mkulu uja anagwira dzanja la a Sosten, lamafutalo, osafuna kulisiya.

Galimoto itachoka, a Hudson anawaitana. "Mwagwira galimoto ya kasitomala."

"Ndagwira, bwana," anayankha a Sosten.

A Hudson analoza kuseri kwa galaja. Kenako anati, "Kuseriku kuli galimoto zakale zitatu zimene zatikanika. Muziyambe mawa. Ndizikuyang'anirani ndine mpaka mayeso aja muwakhoze."

Anawakhozadi ulendo wachitatu. Lero eni galimoto zakale amachoka ku Liverpool ndi ku Manchester kudzafunsa munthu woyeza ndi lilime uja. Ananena akuluakulu kuti mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa.

Inu amene mukuwerenga, mwina kwanu munali mphunzitsi, namwino kapena mmisiri, koma kuno mwagwira tsache. Sesani ndithu, si manyazi. Koma luso limene munabwera nalo musalikwirire ayi, muzilinola. Mtima usagwe m'bale wanga, manja anuwo sanafe.