Tsiku Lomwe Ndinapita Kukanenerera Tchuthi kwa Ahedi

Mu Nangongwe monse, kwathu kuno ku Kafue, munalibe munthu wondiposa pa kunenerera, ndipo ndinkanena zimenezi poyera, anthu akumva. Ndimagulitsa salaula pamsika, zovala zovalidwapo kale zobwera m'mabelo, majekete ndi mathalauzi, ndipo ntchito imeneyi inandiphunzitsa kuti palibe mtengo umene unamatidwa ndi simenti. Wa minibasi, wa makala, ngakhale mmisiri amene anafolera nyumba yanga, onse anayamba ndi kukana n'kumaliza ndi kundigwira chanza. Choncho mkazi wanga atandiuza kuti tsiku lotsekera sukulu limaikidwa ndi boma ndipo silisuntha, ndinaseka. Ndinamuuza kuti andisitire malaya oyera, tchuthicho ndibwera nacho m'thumba, ndi mbasela pamwamba.

Nkhani yake inali ya atate anga. Anabwera ku Kafue ali mnyamata kudzagwira ntchito ya njanji, kuchokera kumudzi wina kupitirira Chipata. Atapuma ntchito anakhala nafe, ndipo tsiku lawo linali wailesi ndi mpando wa pakhonde. Sanali munthu wa nthano. Ukawafunsa za kale ankangoti kale linapita, n'kukweza wailesi.

Chaka chimenecho miyendo yawo inayamba kutupa. Tsiku lina anazimitsa wailesi okha, zomwe zinatidabwitsa, n'kunena kuti akufuna kukaona manda a mayi awo. Anati apita ndi mwana wanga wachisamba, mtsikana amene anali ku sekondale, chifukwa ndiye anatenga dzina la mayi awowo. Popanda iye sapita.

Mwayi unalipo. Mlamu wanga amayendetsa lole yonyamula feteleza kuchokera ku mafakitale a ku Industrial kupita kum'mawa mvula isanayambe, ndipo kutsogolo kunali malo a anthu awiri. Koma loleyo inkanyamuka mu Novembala, pomwe sukulu inkatseka mu Disembala. Pofika nthawi imeneyo kamtsinje ka pafupi ndi mudziwo kamakhala katadzaza, ndipo kalibe mlatho. Kuphonya lole kunali kudikira mpaka mvula itatha. Ndikayang'ana miyendo ija, sindinkakhulupirira kuti ingadikire.

Ahedi a pasukulupo anali bambo wamfupi, wofatsa, wa mtundu umene pamsika timati ndi wosavuta. Ndinayamba monga mwa luso. Ndinawalonjera motalika, ndinayamikira maluwa a pakhomo, ndinafunsa za kunyumba. Kenako ndinapempha zambiri dala, kuti mwana achoke mwezi wathunthu, n'cholinga choti potsika tikumane pomwe ndinkafuna. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza.

"Bambo, masiku amenewa si anga," anatero. "Akanakhala anga ndikanakupatsani."

Anafotokoza kuti nthawi yotsegulira ndi yotsekera imachokera kumwamba, ndipo ndi imodzimodzi m'sukulu zonse za boma. Masabata omwe ndinkafunawo ndiwo a mayeso omaliza chaka. Mwana amaloledwa kuchoka ngati wadwala kapena kwagwa maliro. Nditamva za maliro ndinaona kakhomo, ndipo ndinati ulendowu ndi wa kumanda ndithu. Anapepesa mwaulemu n'kufunsa kuti malemuwo anatisiya liti. Ndinayankha kuti ine ndisanabadwe. Anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso.

Apa ndinatulutsa chida changa chachikulu, chomwe sichinandikhumudwitsepo. Wogulitsa akauma mutu, umatsazika n'kumachoka pang'onopang'ono, ndipo usanafike patali amakuitana. Ndinaimirira, ndinathokoza mokhumudwa, ndinatuluka. Pakhonde ndinayenda ngati wodwala nyamakazi. Pampopi ndinaima n'kusamba m'manja moyera kale. Pafupi ndi mbendera ndinawerama kumanga zingwe za nsapato, nsapato zake zopanda zingwe. Makutu onse anali kumbuyo. Mawu okha amene ndinamva anali a mlonda, amene ananditsegulira geti n'kundifunira ulendo wabwino.

Kunyumba mkazi wanga sanafunse za tchuthi. Anangotambasula dzanja n'kunena kuti akufuna mbasela yake. Mtsikanayo ndiye anandiuza zimene sindinamufunse n'komwe: ankafuna kupita ndi agogo ake, koma mayeso sankafuna kuwasiya. Ine ndinauza aliyense kuti kukambirana kukadali mkati.

Loweruka pamsika panafika madamu ophunzitsa mbiri yakale, amene amakhala ku Kafue Estates ndipo timapemphera nawo limodzi kutchalitchi cha Reformed. Ndi kasitomala wanga wakale, ndipo ndinkadzitama kuti sanandigulepo chinthu motchipa. Ananyamula jekete, analitembenuza, n'kundifunsa ngati zingwe za nsapato zija zinamangika. Anali atandiona pawindo la kalasi, iwo ndi ana onse.

Anati masiku sangandipatse, poti nawonso si awo. Koma temu imeneyo ankaphunzitsa za amuna amene ankasiya midzi kupita ku migodi ndi kunjanji m'nthawi ya atsamunda. Zophunzitsa amasankha ndi aboma, ndipo buku limafotokoza nkhaniyo mwachidule, koma palibe lamulo loletsa mlendo kulowa m'kalasi ahedi atalola. Ankafuna atate anga. Ine, monga mwa chizolowezi, ndinafunsa kuti nanga ineyo ndipezapo chiyani. Anati palibe. Anabweza jekete pamulu, anatsazika, n'kuyamba kuchoka pang'onopang'ono.

Anapitirira mayi wa tomato. Anapitirira wa mapoto. Ndiye ndinamva munthu akufuula pamsika, ndipo mawuwo anali anga.

"Madamu, tabwererani tikambirane!"

Mayi wa tomato anaseka mpaka anakhala pansi.

Ndinadzitonthoza kuti ndili ndi nzeru ina. Ahedi akadzaona okha nkhalamba ikutsimphina, mtima udzawafewa, ndipo mwana adzamasulidwa. Atate anakana nditawapempha ine, koma anavomera mdzukulu wawo atawapempha. Ndinawasankhira jekete labwino kuposa onse m'belo, lomwe ndinkasungira kasitomala wa ku Lusaka, ndipo ndinawauza kuti ndi longobwereka.

M'kalasi anawapatsa mpando wa aphunzitsi. Ine ndinaima kumbuyo, ndipo ahedi anaima pakhomo. Madamu anayamba ndi zimene buku limanena, kuti amuna ankachoka m'midzi chifukwa cha msonkho umene atsamunda ankafuna, ndipo ndalama yake inkapezeka kutali. Kenako anafunsa atate ngati zinali choncho.

"Bukulo silikunama, msonkho unalipo," anatero atate. "Koma ine chimene chinandibweretsa ndi njinga."

Ana anaseka, ndipo atate, amene sindinkawaona akuseka kawirikawiri, anaseka nawo. Anati msuweni wawo anabwera kumudzi ndi njinga ya belu, ndipo atsikana onse anasiya kuyankha moni wa anyamata oyenda pansi. Iwo anaganiza zogwira ntchito chaka chimodzi, kugula yawo n'kubwerera. Anafotokoza kulemera kwa zitsulo za njanji, nyimbo zimene ankanyamulira kuti mapewa ayendere limodzi, ndi udzudzu wa kumtsinje umene unkaluma ngakhale pa bulangete. Mtsikana wina anawatchula ba shikulu, ndiye kuti agogo, n'kufunsa kuti, nanga njingayo munagula? Anati anagula, anapita nayo kutchalitchi, ndipo pobwerera pakaliyala panali patakhala munthu. Munthuyo ndiye anadzakhala mayi anga. Ine zimenezi ndinazimvera kumbuyo kwa kalasi, pamodzi ndi ana a eni.

Mwana wanga anakweza dzanja. Anafunsa chifukwa chimene sanapitire kukaika mayi awo. Kunyumba palibe akanayerekeza kufunsa zimenezo. Atate anati uthenga unafika, anapita kwa kapitawo, ndipo kapitawo anati tchuthi chili ndi nthawi yake. Nthawiyo itakwana, pamanda panali patamera kale udzu, ndipo anachita manyazi kupitako.

Mnyamata wina wakutsogolo ndiye anatipulumutsa. Anafunsa kuti pa mayeso alembe ziti, msonkho kapena njinga. Madamu anati pa mayeso alembe msonkho, koma za njinga asaziiwale.

Potuluka ndinawagwira ahedi pakhonde. Ndinawalozera ndi maso miyendo ya atate, ndinawakumbutsa za kapitawo uja, ndipo ndinafunsa ngati akufuna kufanana naye. Ndinaona kuti mawuwo awalasa. Anati kapitawo sakumuikira kumbuyo, ndipo atate atafuna kupita lero iwo angathandize kuwakweza m'lole. Koma za mwana yankho linali lomwe lija. Anandigwira chanza ndi manja awiri. Sindinakanidwepo mwaulemu chotere.

Tikubwerera, ndinayamba kuwerengera atate njira zina. Mwina tinene kuti mwana wadwala. Anandidula ndi ndodo yawo, kuigogoda pansi.

"Unamuona mmene amakwezera dzanja? Mwana alembe mayeso. Amayi adikira zaka zonsezi, sachoka pomwe ali."

Ndinati nanga miyendo. Anati miyendo ndi yawo, ndipo ili ndi ntchito, chifukwa kalasi ina yamva za njinga ndipo ikuwafuna sabata yamawa.

Lole inapita ndi malo awiri opanda munthu. Sindibisa, mvula ya chaka chimenecho ndinaiona kutalika. Atate akatsokomola m'mawa ndinkasiya tiyi. Ndinkawaperekeza kuchipatala osaphonya, ine amene ndinkanenerera ngakhale tsiku lobwererako. Koma china chinali chitasintha. Ana a sukulu podutsa ankaima pampanda kuwafunsa za njinga, ndipo atate ankadzuka pampando kupita kukawayankha. Wailesi inayamba kulankhula yokha pakhonde.

Tinapita pa tchuthi cha Epulo, tsiku lotsatira sukulu itatseka, monga boma linafunira. Lole kunalibe, choncho tinakwera basi, ndipo poti nkhalamba ndi mtsikana sakanatha kusintha mabasi okha ndi katundu, ndinatseka thebulo langa n'kupita nawo. Kamtsinje kanali kataphwa mpaka m'mawondo. Atate ndinawaolotsa kumsana, atavala jekete langa lija. Manda tinawapeza mothandizidwa ndi mayi wina wachikulire amene anakumbukira mtengo wake. Mwana wanga analambula ndi khasu, ine ndinazula zitsamba, ndipo atate anakhala pamwala n'kutchula dzina limodzi lomwelo, osadziwika ngati akuitana mayi awo kapena mdzukulu. Onse awiri ndikuganiza anamva.

Lero atate akadali pakhonde, ndipo chaka chilichonse mutu uja ukafika madamu amatuma uthenga. Atatewo salola ulendo uliwonse wa pakati pa temu, ati ali ndi kalasi. Jekete silinabwerere m'belo.

Pamsika nkhaniyi imakambidwa mosiyana. Mayi wa tomato, ndikangoyamba kudzitama, amawerama n'kumanga zingwe pa patapata. Ine ndimati ndinapita kukapempha ulendo wa anthu awiri ndipo ndinapeza wa atatu, mbasela yake ndinali ineyo, amene ndikanafa osaona kwathu. Mkazi wanga amati mbasela yodzilipirira basi sanaionepo. Ahedi sanasunthe ngakhale tsiku limodzi, madamu anapeza mlendo waulere wa chaka ndi chaka, ndipo nkhalamba inapeza jekete, manda ndi anthu oimvetsera. Inu amene simunandigulepo kanthu ndipo mulibe mbali, tandiuzani: pamalonda amenewa anapambana ndani?