Dominiko wakana dzanja langa

Moni nonse, ndi ine mdala wanu kuno ku Kaphuka.

Lero ndinapalasa njinga kupita kukoleji kukaona Dominiko, mdzukulu wanga, amayi ake atandiuza kuti wagwidwa ndi chimfine. Pakaliyala ndinamanga kachewere ndi masamba a bulugamu oti afukize.

Zimene ndaona, ana inu, mpaka pano mutu sukugwira. Kuzizira konseku, mawindo a chipinda chake onse otsekula. Mwana ali chigonere, maso ofiira, kansalu kukamwa. Ndatseka mawindowo ndikukalipa. Ine ndinadula mapaini pa Phiri la Dedza nthawi ya chipani chimodzi, chimfine ndimachidziwa. Umatseka chitseko, n'kufunda bulangete, basi.

Iye wadzuka n'kutsekulanso. Akuti anesi anena kuti mpweya uzidutsa, apo ayi anzake a m'chipindamo adwala onse, chonsecho mayeso ayandikira.

Ndiye ndatambasula dzanja kuti ndimupatse moni. Walibisa lake kumbuyo. Ine agogo ake, anzake akuona! Ndafunsa, "Sukulu imeneyi ndi imene yakuphunzitsa mwano?"

Wayankha motsitsa mawu, "Agogo, chifuwa chanu chija chinakugonekani m'chipatala chaka chatha. Ine ndichira ndikapuma ndi kumwa madzi ambiri. Inu chikakugwirani, kaya."

Ndangobweza dzanja langa. Bulugamu sanakane, koma wati ndisiye pakhomo.

Ndinapita ndi maganizo omutenga, adzachirire kuno, mayeso akhale. Ndabwerako ndekha. Inu mukuti bwanji, ndalakwa kumusiya? Koma mumuuze, akangochira abwere nalo dzanja lija, ndikulidikira.