Galimoto Yopanda Mabuleki ya a Delbert Hruska

A Delbert Hruska anagwira ntchito zaka makumi atatu pa nkhokwe ya tirigu ya m'katauni kawo, kumpoto kwa Dakota, ku America. Atapuma, anatsala ndi nyamakazi m'zala ndi galimoto yakale ya 1966 yomwe inkakhala pansi pa mtengo kuseri kwa nyumba. Chiigulireni inali isanayendepo. Injini inali patebulo m'chipinda chapansi, mabawuti ali m'zitini za khofi.

Chilimwe chonse cha chaka chimenecho anakhalira kupala penti yakale mpaka chitsulo chinayera mbee. Zala zinatupa. Ankadziwa kuti ntchito imeneyi sangaibwerezenso, ndipo chitsulo chosapenta chikagona panja m'chipale chofewa miyezi isanu, dzimbiri limachidya, ngakhale uchifunditse lona. Galimotoyo inayenera kulowa m'shedi ya mnansi wawo, a Orrin Tveit, mapazi makumi asanu ndi limodzi kuchokera pamtengopo.

Koma mvula ya Okutobala inasandutsa bwalo lonse matope, ndipo matayala akanangotitimira. Kunali kudikira basi kuti chisanu chiumitse nthaka, kenako kufulumira chipale chisanagwe. Zaka zina mpata umenewu umakhala sabata yathunthu. Zaka zina ndi m'mawa umodzi.

Atsekwe anauluka kupita kumwera. Tsiku lililonse a Delbert ankatuluka m'mamawa kukaponda nthaka ndi chidendene, ndipo chidendene chinkamira. Lachinayi lina chinalira gu, ngati pasimenti. Kumpoto mitambo inali itada kale.

Anaitana a Orrin ndi a Marlys, mlongo wamkulu wa a Delbertwo, amene anafika atavala jasi pamwamba pa epuloni. A Marlys anasuzumira m'galimotomo.

"Achimwene, chiwongolero chili kuti?"

"Ndinachotsa."

"Nanga mabuleki?"

"Ali m'chitini."

"Ndiye mwatidzutsira kudzakankha bafa?"

"Musanyoze bafa, mayi," anatero a Orrin. "Lija limasungako madzi."

Matayala akutsogolo anali osalumikizana, lililonse linkayang'ana kwake. Choncho a Delbert anagwira chitseko chakumanzere, a Orrin chakumanja, aliyense akukankha ndi phewa kwinaku akuwongola tayala lake ndi mateche. A Marlys anapatsidwa chikuni choti atsekere tayala zikavuta. Udzu wouma ndi chisanu unkathetheka pansi.

"Aneba, tayala lanulo likupita kutchalitchi!" anakuwa a Delbert.

"Bola langa, madala! Lanulo likulowera kumowa!"

Pafupi ndi shedi nthaka imatsetsereka pang'ono, pang'ono kwambiri moti a Delbert anali asanazindikirepo zaka zonsezi. Mwadzidzidzi phewa lawo linapepukidwa. Galimoto inayamba kuyenda yokha. A Marlys anaponya chikuni, tayala linangochidumpha. A Delbert anayesa kukoka chitseko, koma zala zinakana kugwira. M'shedimo, moyang'anizana ndi khomo, munali khasu la thirakitala, mano ake ali panja.

"Menyani tayala liyang'ane m'kati!" anakuwa akuthamanga. "M'kati, Orrin!"

Anamenya onse awiri. Matayala anayang'anana, anakhukhuluzika pasimenti ya pakhomo, galimoto inanjenjemera n'kuima. Pakati pa chitsulo ndi mano a khasu panangotsala malo olowa dzanja.

Mpweya wawo unkaoneka ngati utsi. A Delbert anazungulira galimotoyo akuisisita ndi chikhatho, kutsogolo, m'mbali, pamwamba. Chitsulo chinali chozizira, chouma, chopanda bala. Kenako anakhala pa ndowa yovundikira.

"Tsiku lodzaitulutsa muno," anatero a Marlys akusasa fumbi pajasi, "ine ndidzakhala ndikudwala. Ndanenereratu."

"Mwathandiza, achemwali."

"Ndathandiza chiyani? Chikuni changa chinachita kudumphidwa ngati chingwe. Tiyeni mukamwe khofi musanafere m'shedi ya eni."

A Delbert anati abwera. Anatsala okha pakhomo la shedi, manja atawabisa m'khwapa. Dzuwa lisanafike paliwombo chipale chinayamba kugwa, choyamba mwamanyazi, kenako modzaza, mpaka mizere ya matayala pabwalo inafafanizika. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Chipalecho chinali chokongola chaka chimenecho.