Zithunzi za Derek ndi nsomba zake

Ntchito yanga yoyamba ku Canada anandipezera ndi a Saidi, mkulu wina wa ku mzikiti kwathu ku Hamilton. Atamva kuti labu ina ikufuna munthu wodziwa kugwira nsomba, anati, "Yusufu, mwana wa ku Mangochi ungalephere zimenezi?"

Tinkagwirira pamtsinje wina ku Oakville, nyengo imene nsomba za salimoni zimakwera kukaikira mazira. Ine ndinkagwira nsomba m'bafa la madzi. Derek, wophunzira amene ankandiyang'anira, ankaibaya kachikhomo ka nambala pamsana, kudula kachidutswa ka makha, mopumira muja, n'kuponya m'kabotolo kolembedwa nambala ndi nthawi. Ku labu ankayeza majini, tizinthu ta m'thupi totengera kwa makolo, kuti aone ngati madzi ofunda akuzizunza. Lamulo linali limodzi: nsomba isatuluke m'madzi, ndipo udule msanga. Ukachedwa, majini amaonetsa mantha a manja ako, osati mavuto a mumtsinje.

Koma Derek ndi matama! Ikapezeka yaikulu, akangoibaya nambala ankainyamula m'mwamba, n'kundipatsa kamera ya ku labu. "Jambula! Inanso!" Kudula kunkabwera iye atakhutira. Nditamuchenjeza anati, "Unabwera kudzagwira, osati kudzaphunzitsa."

Zotsatira zitatuluka, nsomba zazikulu zonse zinaoneka zozunzika. Pulofesa, mayi amene anali mwini kafukufukuyo, anatiitana pamaso pa anthu onse a m'labu. Derek, wopanda manyazi, anati, "Ndi Yusufu. Amazigwira ngati akupita nazo kumsika." Mayiwo anandiuza kuti Lachisanu ndi tsiku langa lomaliza, ndipo kalata yondichitira umboni ndiiwale.

Mtima unandiwawa koopsa. Ndikanatha kupita kwa pulofesa mwakachetechete, koma ayi, anandinyoza pagulu. Ndinadikira msonkhano wa Lachisanu, onse atakhala pansi, n'kulumikiza kamera ija ku kompyuta. Chithunzi chilichonse chinali ndi nthawi pakona, nambala ya nsomba ikuoneka bwinobwino, Derek mano onse pamtunda. Pambali ndinandandalika timabotolo take.

Pulofesa anayerekeza nthawi za pazithunzi ndi za patimabotolo, n'kuona kuti zatalikirana, n'kufunsa, "Derek, pakati apa nsomba inali kuti?"

Ntchito ya Derek ya chaka chonse inatayidwa. Chisoni? Ngakhale pang'ono. Choipa chitsata mwini. Ine anandibwezera ntchito, ndipo ndinagwiranso nyengo zina zitatu pamtsinje womwewo.

Mpaka lero, bwana akamalakwitsa n'kundipatsa kamera, sinditsutsa. Ndimajambula bwino kwambiri.