Chikombole cha amalume

Chikombole cha amalume chinali cha thabwa la mlombwa, chakuda ndi madzi, chotulutsa njerwa ziwiri nthawi imodzi. Ndinachikumbukira sabata yatha tikudikira basi kuno kutsidya kwa nyanja, ku Handsworth, kumene nyumba zonse n'za njerwa zofiira, zogundizana ngati mano. Mwana wanga wotsiriza, amene sapita kusukulu koma amaphunzirira pakhomo, ankayendetsa chala pakhoma. Anawerenga njerwa za mzere umodzi, n'kuwerenga mizere yokwera m'mwamba, kenako m'Chingerezi chakecho anandiuza kuti zonse zilipo zingati. Azimayi a kutchalitchi amandifunsa mwachifundo, "Inu munalekezera Sitandade 6, bambo ake amakhalira mashifiti kuchipatala, masamu amuphunzitsa ndani?" Ine ndimangoti Ambuye alipo. Koma tsikulo mtima unathawira kwathu.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene tinachoka m'tauni kubwerera kumudzi kwa amayi, pakati pa chaka, opanda abambo, opandanso kalata ya transifa. Sukulu inaima chaka chimenecho. Kunena zoona sindinadandaule, chifukwa aphunzitsi a m'tauni ankandiimika kutsogolo, ndodo ili m'manja, n'kumati, "M'mutu umu masamu salowa."

Tinkakhala m'khitchini ya amalume, ine, amayi ndi mng'ono wanga, denga lake lolowetsa dzuwa paliponse. Amayi anati mvula isatipeze m'menemo. Mmisiri anati nyumba ifunika njerwa zikwi zisanu ndi chimodzi, ndipo nkhuni zinalipo zowotchera kamodzi kokha. Njerwa zikaperewera, khoma liimira pakati, ife n'kunyowa dzinja lonse.

Chilimwe chimenecho ndimachimvabe m'mphuno: fungo la dothi la pachulu likathiridwa madzi, ndi utsi wa lupsa. Amayi ankaponda matope, chitenje atachikwinyira m'maondo. Amalume ankaumba, chikombole chikulira kuti phwa! pansi. Ntchito yanga inali yofunditsa udzu njerwa zaziwisi ndi kupirikitsa mbuzi.

Palibe anandituma kuwerenga, kunali kusowa chochita basi. Ndinaona kuti amalume amakhuthula chikombole maulendo makumi awiri ndi asanu pamzere, ndiye kuti mzere uli ndi njerwa makumi asanu. Mzere ukatha ndinkaponya kamwala m'chitini. Timiyala tikakwana makumi awiri, ndinkatikhuthula n'kumanga mfundo paluzi, chimenecho chikwi. Njerwa zina mbuzi zinkaponda, zina zinkang'aluka ndi dzuwa. Zimenezo ndinkaziunjika pambali, zikakwana makumi asanu n'kuchotsa kamwala kamodzi m'chitini, mtima ukuwawa ngati andilanda.

Mitambo ya chizimalupsa itayamba kusonkhana, amalume anayang'ana bwalo lonse, anatsuka chikombole, nati, "Zakwana. Mawa tikumanga uvuni."

Luzi langa linali ndi mfundo zisanu, m'chitini timiyala khumi ndi tiwiri. Ndinanena chapansipansi kuti zaperewera mazana anayi.

"Iwe amene masamu anakukana?" anaseka amalume.

Lero sindiwaweruza. Msana unali utatha, munda wawo usanalimidwe, ndipo iwo ankakumbukira mizere imene anaumba, osati zimene zinasweka. Koma amayi anati, "Achimwene, mwanayu ndiye wakhala ndi njerwazi. Tamumvereni."

Ndinakhuthula chitini pansi n'kufotokoza kamwala ndi kamwala. Amalume anamvetsera atanjuta. Anangotola chikombole chotsukatsuka chija n'kuchiviikanso m'madzi.

Anaumba masiku atatu, naonjezerapo zolowa m'malo mwa zam'mbali mwa uvuni, zimene sizipsa bwino. Amayi ankaponda dothi akuyang'ana kumwamba, milomo ikupemphera. Mulungu ndi wabwino, mvula ija inadikira mpaka uvuni utamatidwa, inangowaza pang'ono n'kupita. Nyumba itatha panatsala njerwa zisanu ndi zinayi zokha, ndipo amayi anaziyala pakhomo kukhala popondera. Kuyambira pamenepo amalume akafuna kudziwa kuchuluka kwa chinthu ankangoti, "Itanani wachitini."

Sindinkadziwa kuti amenewo ndi masamu. Ndinkayesa masamu amakhala m'ndodo ya aphunzitsi. N'chifukwa chake mwana wanga akamawerenga makoma, kapena masiteji a tramu, kasitima ka m'tauni kopita ku West Bromwich, ndimamusiya, n'kumathokoza chamumtima.

Tsiku lolowa m'nyumba, m'kati mukununkha dothi lozira kumene, amayi anayala mphasa ziwiri, ina yawo, ina ya ine ndi mng'ono wanga. Ndinawerenga mphasa, ndinawerenga anthu, n'kufunsa kuti abambo akabwera adzagona pati.

"Werenga amene ali pano, mwanawe," anatero amayi, akuwongola mphasa yowongoka kale.

Ndinapeza atatu. Ndinaganiza kuti taperewera mmodzi monga zinaperewerera njerwa zija, ndipo amalume akapumula adzakonza. Chitini ndinachisunga pawindo dzinja lonse, muli kamwala kamodzi.