Mimba Imene Inabwera Mochedwa

Febian Njobvu anabadwira ku Kalindawalo m'banja la alonda. Atate ake analondera mgodi wa ku Sasare mpaka golide atatha, ndipo anapitirizabe kulondera dzenjelo poti panalibe amene anawauza kuti aleke. Dziko litalandira ufulu, Febian nayenso anaima pa geti la kampani ina yogula thonje ku Petauke. Pa getipo anazindikira chinthu chimodzi: munthu akakwera paudindo amayamba kuopa, ndipo mantha a munthu wamkulu ndi munda wosadikira mvula.

Anaulima mundawo mwakhama. Analangiza a Sakala, manijala wa kampaniyo, kuti asamafulatire zenera, asamadye pakhomo loyamba kuwaitana, ndiponso tsitsi lawo lisamatsale kwa wometa. A Sakala anatsatira zonsezi ndipo sanafe, umene unali umboni wokwanira. Komiti ya kampaniyo inakhala pansi n'kumupatsa Febian udindo wa Mlangizi wa Chitetezo cha Akuluakulu, dzina limene silinakwane pachitseko cha kachipinda kosungiramo masikelo akufa komwe anamupatsa ngati ofesi. Kuyambira pamenepo anali a Njobvu, ndipo ngakhale akuluakulu a chipani ankabwera chozemba kudzafunsa mbali ya galimoto yoyenera kukhala.

Nzeru zawo zazikulu zinabwera m'zaka zimene zigawenga zinkadumpha malire kuchokera ku Mozambique. A Sakala ankayenera kukatsegula misika ya thonje ku Luembe, koma ankaopa kupitako.

"Bwana, chipolopolo sichifunsa dzina, chimaona chipewa," anatero a Njobvu. "Wina avale chipewa chanu ndi suti yanu, akhale kutsogolo m'galimoto yanu. Inu mukwele lole pambuyo, pakati pa masaka."

Wina ameneyo a Njobvu ankamudziwa kale, pakuti chipewacho anali atachiyesa pamutu pawo mwiniwake ali ku msonkhano, ndipo chinawakhala. Koma komiti inagamula kuti woimira bwana afanane ndi bwana. A Sakala anali ndi mimba yolowa m'chipinda iwo asanafike, pomwe a Njobvu anali ngati bango. Choncho anasankha Cosmas Daka, wosoka masaka, msuweni wa a Njobvu, munthu amene pamoyo wake wonse sanalangizepo ngakhale mbuzi.

Ulendo woyamba unawapweteka a Njobvu kuposa chipolopolo. Ali pa lole pambali pa bwana weniweni, fumbi lili m'mano, anaona amayi a ku Luembe akuyala zitenje pansi kuti Daka apondepo. Nthungululu zinali za Daka. Mpando wa ndalema unali wa Daka. Nkhuku, mtedza, nyimbo za ana asukulu, zonse za Daka, amene ankakweza dzanja pang'onopang'ono ngati anabadwa nalo lili m'mwamba.

"Asuweni, mwatuwa bwanji!" anatero Daka pobwerera. "Nakusungilani khosi la nkhuku."

"Mudziwa kuti mpando umenewo ndi wa imfa?"

"Ngati imfa ikoma tele, mawa mundiikenso."

Anamuikanso, mwezi ndi mwezi, ndipo chigawenga sichinaonekepo. Tsiku lina a Njobvu anadzipeza akupempha Mulungu kuti mfuti ilire kamodzi kokha, ngakhale pa tayala, kuti Daka aleke kumwetulira. Anachita manyazi, koma pempherolo sanalibweze.

Kenako anaganiza zonenepa. Akazi awo, Mildred, ankawaphikira mbatata za chiponde m'mawa ndi madzulo, thobwa pakati. Nthiti zinangokhala zowerengeka.

"Atate ake Doris, zakudya zonsezi zipita kuti?" anafunsa Mildred. "Kapena nsanje ndiyo idya, inu mungotafunila?"

"Nsanje ya ciani? Nzelu ndi zanga, iye angobweleka mimba."

"Ndiye msiyeni. Inu mudya mantha a bwana, iye adya nkhuku. Aliyense ndi mbale yake. Mukaswa yake, yanu iswekela pomwepo."

A Njobvu ankadziwa kuti akazi awo akunena zoona: tsiku limene bwana adzaleke kuopa, ofesi ya masikelo akufa idzatsekedwa. Anapirira mpaka mmene anamva kuti mayi wina ku Luembe watcha mwana wake dzina loti Manijala, ndipo Daka ndiye ananyamula khandalo pojambulitsa. M'mawa mwake anagogoda kwa a Sakala, nawauza ndi nkhope ya katswiri kuti wafufuza mozama, msewu wayera, bwana akhoza kubwerera pampando wawo. A Sakala, amene msana unali utatopa ndi lole, anatsala pang'ono kuwakumbatira.

Ulendo wotsatira Daka anakwera lole, ndipo a Njobvu anamusungira malo pomwe fumbi limagwa kwambiri. Njira yonse ankaimba chamumtima.

Ku Luembe a Sakala anatsika ndi chipewa chawo n'kukweza dzanja. Kunali zii. Amayi anapinda zitenje zawo. Tcheyamani wa nthambi ya chipani, amene boma linamuuza kuti akhale tcheru ndi alendo okayikitsa, anayandikira akuyang'ana chipewacho.

"Bambo, zovala izi tizidziwa. Mwini wake mwamucita ciani?"

"Manijala ndine!"

"Onse amatelo," anatero tcheyamani, nakodola anyamata a zingwe.

A Njobvu analumpha pa lole kuti afotokoze, koma mawu a munthu wotuwa ndi fumbi sapita patali. Chimene chinapulumutsa a Sakala ndi Daka, amene anatsika pambuyo pawo akudzikuntha fumbi. Nthungululu zinaphulika. Daka anakweza dzanja lija, nauza anthu kuti mlendoyo amusiye, ndi munthu wake.

Komiti inakhalanso pansi. Inapeza kuti popeza msewu wayera, monga ananenera katswiri, udindo wa Mlangizi sukufunikanso. Inapezanso kuti popeza alimi sagulitsa thonje kwa munthu wina koma Daka, iye akhale Mkulu Woona za Alimi, ndipo aziyenda pampando wakutsogolo. Komitiyo inawathokoza a Njobvu chifukwa cha ntchito yotamandika n'kuwabwezera pa geti, pomwe kwa zaka zambiri ankatsegulira galimoto ya msuweni wawo ndi kuchita sawasha.

Atapuma pantchito anasamukira ku Nyimba, kumene ankagulitsa nthochi m'mbali mwa msewu waukulu ndi kulangiza madalaivala, osalipiritsa, za malo oyenera kuimika. Kumeneko, popanda chiponde kapena khama lililonse, mimba ija inabwera, yaikulu yoposa ya Daka. Ankaisisita akuyang'ana magalimoto a akuluakulu akudutsa.

"Amake Doris, taonani," ankatero. "Ikanabwela nthawi ija."

"Ikanabwela nthawi ija," ankayankha Mildred akusanja nthochi, "mukanasilila wa pa lole."